Tinasesa mpaka mapazi a mbewa

M'zaka za nkhondo amuna anga anali mlenje wa misampha basi. Tsiku lina kunafika bambo wina wa boma kuchokera ku Furancungo, akuti akufuna alenje kuti awaphunzitse ufisikale, ntchito yolondera ndi kuwerenga nyama zakutchire. Ine ndinaseka chamumtima. Anthu akuthawira ku Malawi, wina n'kumawerenga agwape?

Amuna anga analowa nawo maphunzirowo. Kuwerenga kwake ankayenda mzere wowongoka m'tchire, kusema makungwa kuti asasochere, n'kumawerama kuona mapazi ndi ndowe za nyama. Zinandiopsa. Wodziwa kuwerenga mapazi a nguluwe salephera a anthu, ndipo chimanga cha mudzi wonse chinali m'phanga kuseri kwa phiri, tikubisira asilikali a mbali zonse ziwiri. Pochoka kumeneko tinkakoka nthambi kumbuyo kufafaniza mapazi athu.

Ndiye tinamva kuti mzere wina udutsa kuphiri komweko. Azimayi tinathamangira kukasesa, mantha n'kutisesetsa mopitirira. Amuna anga pobwera anandifotokozera kuti bamboyo atafika pamenepo anaima n'kuyang'ana dothi nthawi yaitali.

"Kamarada, kuno ngakhale mbewa siyenda?" anafunsa bamboyo.

"Nyama zinathawa mfuti, ashefi," anayankha amuna anga.

Bamboyo anangogwedeza mutu, n'kulamula kuti mzere ukhotere kumtsinje.

Amuna anga ankati ndi munthu wabwino, waona koma wasunga pakamwa. Ine ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti wa boma sasunga pakamwa, amasungira akuluakulu ake, ndipo yunifomu imene anawalonjeza yawatseka m'maso. Azimayi anzanga anandivomereza, azibambo n'kugonja. Tinasenza chimanga chonse kukachikwirira m'dzenje cha kudambo, mvula itayamba kale.

Kenako tinakhala tcheru kudikira asilikali kuti akwere kuphanga. Galu akauwa ndinkati ndi amenewo. Miyezi inapita, palibe anafika. Mwina anachedwa chabe, mwina bamboyo sanauze munthu, ine sindidziwa mpaka lero. Msewu unatsekedwa, maphunziro n'kuthera pomwepo, iyeyo sitinamuonenso.

Njala itafika pachimake tinakafukula dzenje lija. Chimanga china chinali chitamera, china chakuda ndi chuku, fungo lake ngakhale nkhuku zinakana. Chaka chimenecho tinadya mango osapsa owiritsa, ndipo mwana wathu wamng'ono sanafike nawo pa masika.