Odi Pakhomo la Eni

Kwa zaka zingapo kuno kutsidya la nyanja ndinalibe nyumba, koma ndinkagona m'nyumba zapamwamba kuposa za anthu ambiri amene ndinkapemphera nawo. Ntchito yanga inali yolonda nyumba za anthu akapita kutchuthi ndi kusamala ziweto zawo. Sabata ino ndili ku South Bend ndi amphaka awiri odzimva, sabata yamawa ndakwera basi ya ku Indianapolis kukatumikira galu wodya bwino kundiposa. Katundu wanga yense ankakwana m'sutikesi imodzi.

Chinthu chimodzi sichinandichoke. Ngakhale kiyi ali m'manja, ngakhale ndikudziwa kuti eni ake ali m'ndege, ndinkati ndikatsegula chitseko ndiyambe ndanena kuti, "Odi!" Amayi anatilera choncho. Ankati wolowa m'nyumba ya eni mwakachetechete ndi mbuzi kapena wakuba. Ndiye ndinkaodira nyumba zopanda anthu, firiji yokha ikulira, amphaka akundiyang'ana ngati ndapenga.

Amayi anali ku Ntcheu. Lamlungu lililonse pafoni funso lawo linali limodzimodzi.

"Kodi iwe, kwenikweni ukukhala kuti?"

"Paliponse pamene pali galu, amayi," ndinkatero ndikuseka.

Iwo sankaseka. "Nanga munthu akafuna kukupeza akaodire khomo liti?"

Chaka china, mu Novembala, ndinali ku Lawrence m'nyumba ya nkhalamba ziwiri zimene zinapita kukayenda pa sitima yapanyanja. Zinandisiyira galu wokalamba, wodwala shuga, wofunika jakisoni m'mawa ndi madzulo. Lamulo linali limodzi, ndipo anandiuza akumwetulira: alendo ayi. Pa belu la pakhomo panali kakamera kojambula aliyense wofika.

M'mawa wina mchimwene wanga anaimba foni. Mawu ake okha anandiuza asanamalize n'komwe. Amayi anali atatisiya.

Kupita kumudzi sikukanatheka. Mapepala anga anali oti ndikangotuluka m'dziko muno, kubwerera kulibe. Zimenezi si zachilendo pakati pathu, ndipo tili ndi njira yathu. Zovuta zikachitika kumudzi, nyumba ya wofedwayo kuno imasanduka siwa. Anthu amabwera, kukhala pansi, kuimba, amayi ena n'kugona pomwepo mpaka maliro atayikidwa kumudziko. Wofedwa sasiyidwa yekha. Koma zonsezi zimafuna khomo, ndipo ine ndinalibe.

Woyamba kundiimbira foni anali nesi wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu, amene tonse tinkangoti amayi aakulu.

"Mwana wanga, tamva. Ndidiraive ndidzakutenge, anthu asonkhane kwathu kuno."

"Sindingachoke, amayi. Galuyu ndi wa jakisoni."

Ndikudziwa zimene ankaganiza: mayi wamwalira, mwana akunena za galu.

"Basi, tibwera ife. Nditekisitire adiresi."

Ndinayesa kuimbira eni nyumba, koma foni sinkagwira kunyanjako. Masana galimoto zinayamba kuima mumsewu. Azimayi a kutchalitchi anatsika atamanga zitenje pamwamba pa yunifomu za kuchipatala, ena atanyamula mafulasiki a tiyi ndi mabanzi amene anagula m'masitolo a ku Lafayette Road. Amayi aakulu anakwera masitepe, nkhope itagwa, n'kuima pamaso panga.

"Odi kuno."

Chibadwire sindinamvepo odi n'kulephera kuyankha. Koma tsiku limenelo sindikananena kuti lowani. Kakamera kaja kankandiyang'ana. Ntchito zanga zonse zinkabwera chifukwa chakuti wina wauza mnzake kuti mtsikana uja ndi wokhulupirika, ndipo zikanatha, ndikanasowa ndi pogona pomwe.

"Pepani amayi, nyumbayi si yanga. Anandiletsa alendo."

Anayang'ana ine, anayang'ana chitseko, kenako anamasula chitenje chimodzi n'kuchiyala pakhonde.

"Sitinabwere kudzaona makapeti. Tikhala pompano."

Siwa ya amayi anga inakhala pakhonde la eni, pa simenti yozizira ngati ayezi. Azimayi anapanikizana pamasitepe, abambo anaima cha kumagalimoto manja ali m'matumba. Tinkaimba motsitsa mawu chifukwa makatani a nyumba yoyandikana ankagwedezeka. Galu uja anatuluka akutsimphina n'kugona pamapazi anga. Ndinalira, koma ngakhale kulirako ndinkakuyeza kuti kusamveke kutsidya la msewu. Zinandipweteka kwambiri. Amayi amene pakhomo pawo panalibe mlendo wobwerera panja, mwana wawo anawalira ngati akuba nkhuni.

Dzuwa litapendeka kuzizira kunakula. Ena anali ndi shifiti, ena ana. Amayi aakulu anatsala mpaka milomo inayamba kunjenjemera, ndipo ndinachita kuwapempha kuti azipita. Palibe amene anagona nane.

Mawa lake chakumasana, ndikutsuka mbale ya galu, ndinamva.

"Odiii."

Anali mawu a amayi anga, momwe ankakokera akafika pakhomo la munthu wodziwana naye. Ndikanati ndi mutu wanga, koma galu uja anadzutsa mutu, n'kudzikoka mpaka pachitseko akugwedeza mchira. Ndinatsegula. Panali masamba ouma okha ndi chivindikiro cha fulasiki chimene wina anaiwala. Ndinachita mantha, sindikana. Koma choposa mantha chinali ichi: amayi anali atandipeza tsopano, ndipo ndinalibe mphamvu yowauza kuti alowe.

Odi uja ananditsatira. Ndinamumva ku South Bend, m'nyumba ya dokotala wina pafupi ndi chipatala, amphaka n'kuthawira kunsi kwa sofa. Ndinamumvanso kwina kumene ndinkangothirira maluwa. Sankabwera tsiku lililonse, ndipo nthawi yake inali ya masana, nthawi yochezera anthu. Ndinkaima manja ali m'madzi, osayankha, mpaka nyumba ikhalenso zii. Ine mwini ndinasiya kuodira nyumba zimenezi, poopa kuti tsiku lina wina andiyankha.

Nditawauza amayi aakulu, anati, "Ndi chisoni chabe chimenecho, uzipemphera." Kenako anawonjezera, "Komabe upeze pako."

Panapita nthawi ndisanapeze ntchito yokhazikika. Nditaipeza ndinachita lendi kachipinda kamodzi m'tauni ya South Bend, kokhala ndi zenera loyang'ana pokwerera basi. Tsiku loyamba, ndilibe bedi, ndilibe mpando, ndinayala chitenje pansi, n'kutsegula chitseko chonse. Ndinadikira odi masana onse. Sanabwere. Pomaliza ndinangodziyambira ndekha, ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Lowani amayi. Pano ndi panga."

Panja basi inaima, n'kunyamukanso.

Kuchokera tsiku limenelo sindinamvenso mawu awo. Amayi aakulu akuti ndiye kuti analowa, apumula. Mwina ndi zoona. Koma ine ndimawadziwa amayi anga: akaodira kangapo osayankhidwa, ankatembenuka n'kumapita, osabweranso pakhomo pamenepo. Sindidziwa ngati analowa kapena anatopa. Mpaka lero masana akakwana ndimazimitsa wailesi, n'kukhala pafupi ndi chitseko.