Kaseti ya Amayi pa Msewu wa ku Lobi

Amayi atamwalira, bambo anakhala pamudzi chaka chimodzi chokha. Kwathu cha ku Bembeke mwamuna ndi mkamwini basi, ngakhale imvi zimumerere pamudzipo. Bambo anamanga nyumba ya njerwa, anabzala mapichesi, analera ife ana asanu. Koma tsiku lowasudzula litakwana, amalume anawauza mwaulemu kuti, "Alamu, mwamasuka. Mukafuna kukhala khalani, mukafuna kupita kwanu njira ndi yoyera." Bambo anamva kumene mawuwo amaloza. Anati abwerera ku Lobi, kumene anachoka ali mnyamata.

Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire bwino. Ndinafuna kukangana ndi amalume, koma bambo anandiletsa. Katundu amene anasankha anali wochepa: zovala, makasu awiri, pikapu yawo yakale imene anapuma nayo ntchito yoyendetsa galimoto ku mishoni, ndi kaseti imodzi.

Kasetiyo anajambula ndi sisitere wina pa Pasaka, amayi akadali amphamvu. Inali ya kwaya ya kutchalitchi kwathu. Nyimbo yoyamba ankayambitsa ndi amayi, okhaokha, kenako kwaya yonse n'kuvomera. Mawu awo sanatsale pena paliponse. Bambo anaimvera kamodzi kokha, kwa asisitere komweko, chifukwa kunyumba tinalibe choimbira makaseti. Ankaisunga m'chikwama cha mapepala a galimoto, atakulunga m'mpango.

Zinali zaka zoyambirira za matipate. Magalimoto a zipani ankadutsa mumsewu ndi zimkuzamawu, fumbi kobo, ndipo minibasi iliyonse inali ndi kaseti yake yogonthetsa m'khutu. Zinkandiwawa kuti aliyense akusokosa, pamene amayi ali chete m'chikwama. Tsono ndinapempha kwa mnzanga woyendetsa minibasi wayilesi ya kaseti imene iye anachotsa m'galimoto mwake, kuti bambo apite ku Lobi akumva mawu a akazi awo.

Pikapuyo inali ndi wayilesi yobwera nayo, ya zopotokola ziwiri ndi sipika imodzi, yogwira nkhani ndi mauthenga a maliro basi. Bambo anakana kuti ndiichotse. "Inabadwa nayo imeneyo, usaigulule," anatero. Ndiye ndinamangirira yatsopanoyo kunsi kwa dashibodi ndi waya wa mpanda. Ndinasenda mawaya ndi mpeni wa kukhitchini, wofiira ndinaulumikiza ku moto wa wayilesi yakale, wakuda ku chitsulo, awiri enawo ku sipika. Unali m'mawa wa Juni, chifunga chitaphimba dimba lonse la kachewere, ndipo zala zinali zitauma ndi chisanu. Nditapotokola kiyi, kagetsi kobiriwira kanayaka. Ndinadziona ngati makaniko weniweni, chonsecho ntchito yanga ndi ya choko.

"Yamba wayesa ndi kaseti ina," anatero bambo ataima pa chitseko.

"Kaseti ina tiipeza kuti kuno? Ikugwira bwinobwino iyi, bweretsani."

"Bwenzi utakabwereka kwa aphunzitsi anzako."

"Mpaka ndiyende ulendo wonsewo? Bambo, ndikudziwa zimene ndikuchita."

Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Bambo anamasula mpango uja n'kundipatsira ndi manja awiri, ngati akupereka kwa munthu wamkulu.

Ndinaikankhira mkati. Panamveka kaphokoso ka mphepo, wina anatsokomola, kenako amayi anayamba. Anali iwo ndithu, mawu awo opyapyala aja okwera osagwedera. Sanamalize mzere woyamba. Mawuwo anayamba kukokeka, kulemera, kenako anangoti zii. Ndinadina chotulutsira, kaseti inatuluka ikukoka tepi kumbuyo ngati matumbo a nkhuku. M'malo modekha ndinakoka, ndipo inaduka.

Bwenzi bambo atanditukwana, mwina ndikanapepukidwa. Anangopita kukamanga makasu awo.

Tsiku lonse ndinakhala pakhonde ndi lezala, selotepi ndi bolopeni. Mbali imene inatafunidwa inali itakwinyika ndi kutanuka moti sikanathekanso, yotalika kuposa mkono wanga. Ndinaidula, ndinalumikiza nsonga ziwirizo, ndinapota ndi bolopeni. Wayilesi ndinaitsegula ndipo ndinapeza kagudumu ka labala komata ndi litsiro, chinthu chimene kaseti ina iliyonse ikanandionetsa. Ndinakapukuta ndi sipiriti. Kenako ndinayenda ulendo umene ndinaukana m'mawa uja, kukabwereka kaseti yoyesera. Inaimba bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

M'mawa mwake tinanyamuka, ine ndikuyendetsa. Alongo anga analira pa msewu, amalume anagwirana chanza ndi bambo nthawi yaitali. Tinatsika zitunda, bambo akuyang'ana minda ya anthu. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, anatulutsa mpango.

"Ika," anatero.

"Bambo, mbali ya amayi ija ndinadula. Palibe."

"Ndinakuona ukudula. Ika."

Ndinaika. Mphepo ija, chifuwa chija, kenako kwaya yonse inalowa mwamphamvu, ikuvomera munthu amene sanamveke. Ndinachita manyazi ndi chisoni pamodzi moti msewu sindinkauona bwino. Ndinaimika galimoto pambali.

Bambo anaweramira pansi pa dashibodi, anafufuza ndi chala mpaka anapeza chobwezera m'mbuyo, n'kuibweza kaseti poyambira. Koma sanailize nthawi yomweyo. Anakonza kukhosi, anayang'ana kutsogolo, ndipo anayambitsa nyimbo ija iwo eni. Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akuimba. Kutchalitchi ankangogwedeza milomo kumbuyo kwenikweni. Mawu awo anali osasa, onjenjemera, koma mzere uliwonse ankaudziwa, ndi pamene amayi ankapumira pomwe. Atafika kumapeto anadina, ndipo kwaya inawavomera.

Tinamvera nyimboyo mpaka kutha. Bambo anatulutsa kaseti, anaikulunga, n'kuisunga m'thumba la jekete.

"Amayi ako ankayambira pamwamba kuposa apa," anatero. "Ine sindifikapo. Tiye, kwathu n'kutali."