Dzanja Losafika Kukhutu

Lero ndikuchapa yunifolomu ya mwana wanga, fungo la choko landibwezera ku Lufita, m'mawa wina wamphepo.

Chaka chimenecho kwathu kunasamukira anthu ambiri, sukulu n'kudzaza mpaka ena ankaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Malo a Sitandade 1 anachepa. Ndiye aphunzitsi aakulu analamula kuti mwana aliyense adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wolephera abwerere kunyumba, akayambe wakula.

Ine ndinali wamfupi. Mnzanga amene anali patsogolo panga analephera, bambo ake n'kumukoka akulira. Ndinasendera kutsogolo, fumbi likundilowa m'maso.

"Monire asambizgi," anatero amayi anga m'Chitumbuka, akugwadira aphunzitsi aakulu aja. "Uyu ndi wamkulu ndithu, kungoti sakonda kudya."

"Tiona, mayi. Iwe, kweza dzanja."

Ndinakweza, n'kupendeketsa mutu mobisa monga amayi anandiphunzitsira panjira. Chala chinakhudza khutu. Koma aphunzitsiwo anandigwira chibwano ndi zala zozizira, zodzaza choko, n'kuyamba kundiwongola mutu pang'onopang'ono.

Khutu lija linachoka pachala changa. Kumbuyo kwanga ndinamva amayi akuusa moyo.