Buku limene ndinati linapita ndi madzi

Pokonzekera mayeso a oditi, ntchito yofufuza mabuku a ndalama, ine ndi mnzanga wa m'kalasi, ba Chanda, tinkawerengera kwathu ku Kanyama. Ndinali ndi chibuku chogula pamsewu m'tauni, ndipo ndinkayankhula ngati ndinachilemba ndine.

Tsiku lina ba Chanda analemba kuti oditala akapeza zonse zili bwino, chigamulo chake chimatchedwa "unmodified opinion". Ndinawaseka.

"Ba Chanda, ivi mwavichosa kuti? Ni 'unqualified'. Onani m'buku."

Anafufuta, n'kundithokoza.

Kutatsala masiku awiri kuti tilembe mayeso, ndinaona m'mapepala a aphunzitsi kuti dzinalo linasinthidwa kalekale. Buku langa linali lachikale. Ndinatenga foni kuti ndiulule, koma ndinangowatumizira vesi lolimbikitsa.

M'mayeso ine ndinalemba mawu awo, iwo analemba anga. Ine ndinakhoza, iwo analephera. Ndimadziuza kuti liwu limodzi silingagwetse munthu, ndipo masiku ena ndimakhulupiriradi.

Atabwera kudzabwereka bukulo kuti akalembenso, ndinati linapita ndi madzi osefukira.

"Pepani maningi, inali buku yabwino," anatero, atakhala pa sofa yathu yothyoka mwendo, imene ndinaichirikiza ndi buku lomwelo.