Phiri la moto la alamu anga

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndinapeza munda wa mayi uli thengo lokhalokha, m'munsi mwa kaphiri ka kwathu ku Chiuta. Mwamuna ndinali nditamuika kale ku kampu ya othawa nkhondo. Ndinaswa mphanje ndekha, ana akuzula zitsa, chifukwa kopanda munda umenewo tikanadya dothi.

Tsiku lina masana kunachita chivomerezi. Makapu anagwa pa thandala, nkhuku zinabalalika, basi chinatha. Koma alamu anga, mwamuna wa achemwali, anachitola ngati nkhuni. Munthu wake anali waulesi woti khasu likamuona limaseka. Ntchito yake inali kukhala pa siteshoni ya Entre Lagos kudikira komboyo, sitima ya pamtunda, n'kumamvera wailesi za eni.

Anabwera atapisira malaya. "Alamu, samukani. Kumaiko akutali kuli mapiri ataliatali olavula moto. Amayamba chonchi, nthaka kugwedezeka, kenako utsi, kenako phala la moto limakwirira mudzi wonse. Lathuli ndi mtundu womwewo."

Kaphiri koti mbuzi zimakwera n'kutsika zisanamve ludzu! Ndinaseka mpaka misozi.

Posakhalitsa utsi unayambadi kufuka pamwamba. Palibe analimba mtima kukaona, poti tonse tinkaopa mabomba okwirira. Anthu amene anathawapo kale savuta kuwathawitsa. Mabanja oyandikana nane anamanga mitolo kupita kunyanja. Ine ndinakana, mpaka mwana wanga wamng'ono anasiya kudya, akungoyang'ana kuphiri n'kumanjenjemera monga ankachitira akamva mfuti. Ndinamutengera kwa azakhali ake, kwa asodzi, kuti mtima ukhale pansi.

Pobwerera mvula yoyamba itagwa, ndinapeza utsi kulibe, ndipo m'munda mwanga muli mizere yatsopano. Alamu anali ataimirira pakati, akulamula aganyu. Nsidze zake zinali zowauka, ngati za munthu wosonkhezera moto wa udzu.

"Alamu, moto uja simukuuopa?" ndinafunsa.

"Ndakusungirani malo," anatero, osaphethira n'komwe.

Nkhani inapita kwa asekeletale, oimira boma m'mudzi mwathu. Iwo anati wadzala wadzala, tigawane. Mkamwini, wobwera ndi kachikwama kokha, anatenga mbali yachonde ya kudambo, ine anandisiyira miyala. Achemwali anangoyang'ana pansi.

Munthu ameneyo ndimamunyoza mpaka lero, ndipo sindibisa. Manda a mayi anagwera mbali yake. Ndikafuna kukasesa, ndimayamba ndaodira pakhomo pake.