Chithunzi chokhacho cha bambo anga

Ndikukumbukira usiku umene bambo anaika kamera yawo pa mtondo wovundikira, kuseri kwa nyumba yathu ku Nazombe. Ndinali mu Sitandade 5. Bambo ankajambula maukwati ndi maubatizo, kupalasa njinga mpaka ku Mkhumba, koma eni akewo analibe chithunzi ngakhale chimodzi. M'mawa mwake ankanyamuka ulendo wa ku Joni, ndipo pa filimu panatsala malo amodzi okha.

Inali nyengo yachisanu, mwezi usanatuluke. Kunkamveka fungo la mapesi otentha, nyenyezi zili mbwee pamwamba pa phiri la Michesi. Bambo ankafuna kutisiyira chithunzi chawo ataima pansi pa nyenyezizo. Anandiimika pamalo pawo, nazunguza mphete ya kutsogolo kwa kamera mpaka nkhope yanga itaoneka bwino, kenako tinasinthana.

"Usiku kamera siona pawiri, mwanawe," anatero bambo. "Ikaona pafupi, kutali kumachita chimbuuzi. Ndaikonza kale. Iwe ungodina apa, uwerenge mpaka sate, usagwedeze."

Anakaima, koloboyi ali pambali pawo. Ine, poti ndinali kamtsikana kodziwa zonse, ndinasuzumira m'kameramo. Nyenyezi zinali zofufuma ngati madontho a phala, ndipo ndinaona kuti bambo alakwitsa. Ndinapotoza mphete ija pang'onopang'ono mpaka iliyonse itathwa ngati nsonga ya singano. Ndinadina, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Bambo anaima chilili osaphethira, ine mtima ukukoma kuti ndawathandiza.

Patapita miyezi iwiri, amalume anakatsukitsa filimuyo ku Limbe. Nyenyezi zinatuluka zonse, zoti munthu n'kuwerenga. Bambo anangokhala chiutsi chachikasu chokhala ndi mapewa. Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kapena filimu inawonongeka." Makalata a bambo anabwera awiri, basi kenako zii.

Chithunzicho ndinkachitulutsa mayi akapita kumunda, n'kumachisendeza kufupi ndi maso, mwina mphuno kapena diso n'kuoneka. Ndinkasungulumwa kwambiri, chifukwa panalibe woti ndimuuze zimene ndinachita. Mayi anamwalira asakudziwa kuti filimu ija inalibe vuto.

Masiku ano foni imafunafuna yokha nkhope ya munthu, ngakhale mumdima. Ana anga amandijambula ndikusenda chinangwa, ndikuwodzera, n'kufufuta zimene sanazikonde. Wamng'ono atandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, ndinatseka maso kuti ndimufotokozere. Ndinapeza kuti nanenso ndangotsala ndi mapewa awo okha.