Meshi Pamwamba, Mabuku Pansi

Dzina loti Mayi Wailesi anawapatsa ndi makasitomala a mu saluni yawo, chifukwa mayiwa akangogwira chipeso pakamwa pamayamba, ndipo pozimitsira palibe anapapeza. Saluniyo ndi chipinda chakumaso kwa nyumba yawo. Muli mipando iwiri, benchi yodikirirapo, galasi lalikulu lothetheka pakona, dilaya yolira kwambiri koma youmitsa mbali imodzi, ndi meshi yolukira tsitsi yolendewera pamisomali khoma lonse. Kuseri kwa nsalu yotchinga khomo lapakati ndiye kumakhala banja.

Kuluka anayamba ali kamtsikana, atasiya sukulu asanaponde n'ku sekondale komwe. Zala zawo n'zopepuka, mizere imawongoka bwinobwino, ndipo ngakhale mwana wolira amamuluka mpaka kugona. Izi palibe angatsutse. Vuto ndi lakuti woluka tsitsi amaima kumbuyo kwa munthu tsiku lonse, n'kumalankhula ndi nkhongo. Ndiyetu nkhongo, abale, ilibe maso. Ungathe kuiuza chilichonse.

Kwa zaka zambiri nkhongo za m'dera lonselo zinkamva za mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Wailesi, mtsikana wofatsa amene onse ankangomutchula kuti Chisamba. "Uyu ndi namwino, mudzandiuza. Jakisoni wanu nonse adzakubayani ndi ameneyu." Mwanayo naye ankafunadi unamwinowo, sikuti ankachita kumukakamiza. Koma zotsatira za mayeso omaliza a ku sekondale zitatuluka, maphunziro ena onse anakhoza bwino ndithu, masamu okha anagwa nawo chagada. Popanda masamu, sukulu ya anamwino imangokuonetsa chitseko.

Tsiku limenelo Chisamba anadzitsekera kuchipinda n'kumalira, mayi ake ali ndi mutu wa mkazi wa wogulitsa nyama m'manja. Mkaziyo, amene nkhani imamuyabwa ikakhalitsa m'kamwa, anafunsa ali chiweramire: "Zotsatira akuti zatuluka. Namwino wathu zamuyendera bwanji?"

Pakamwa panayankha mutu usanaganize. "Wakhoza! Aa, uja angalephere? Akungodikira kuti amuitane."

Pofika madzulo msewu wonse unali utamva, ena mpaka anabwera kudzagwira mwanayo chanza maso ake akali otupa. Madzi akatayika saoleka.

Musaganize kuti Mayi Wailesi anamutaya mwana wawo, ayi ndithu. Pamene anagwirizana zoti abwereze, mayiwa anadzipereka ndi mtima wonse. Kuchapa, kuphika ndi kukolopa anatenga okha. Mwana akamawerenga kuseri kwa nsaluko, dilaya ankaizimitsa, kasitomala n'kumuuza kuti yawonongeka, akaume ndi dzuwa. Bambo ake a Chisamba, makaniko wosakonda kulankhula, anachotsa TV pabalaza n'kuitsekera m'kabati, mpira n'kumakaonera kwa anzawo. Anamukhomera mwana tebulo ndi chitseko chakale. Tsiku lina anayesa n'komwe kumuthandiza samu imodzi, koma anangokanda mutu n'kusiya zala za oilo patsamba.

Chinthu chimodzi chokha Mayi Wailesi anakana kwamtuwagalu: kuti anthu adziwe. Sukulu ya masana anasankha ya kutali, mbali ina ya tauni, kumene kunalibe kasitomala wawo ngakhale mmodzi. Chisamba ankatulukira khomo lakuseri, n'kudutsa kanjira ka pakati pa mipanda. Mabuku ankaikidwa pansi m'chikwama cha ku msika, pamwamba n'kuvindikira ndi mapaketi a meshi.

"Wina akakufunsa, uziti ndakutuma ku oda," ankatero mayi ake.

"Tsiku lililonse, amayi? Meshi yake tikudya?"

"Iwe, usandiyankhe. Ndikuchitira iwe zimenezi."

Bambo ake zinkawanyansa. Tsiku lina akusamba m'manja ndi sopo wa ufa pakhonde lakuseri anati, "Make Chisamba, galimoto ikakana kulira timaitana anthu atikankhe. Sitiifunditsa lona."

"Za magalimoto zanu zomwezo! Inu mumaswera pansi pa galimoto, nkhope yanu amaiona ndani? Ine ndimaswera ndi azimayi. Andidya wamoyo."

Bamboyo anangopukuta manja n'kulowa m'nyumba. Zaka zonsezi sanapambanepo mkangano ndi mkazi wawo.

Tsono chopweteka kwambiri ndi ichi. Pakati pa makasitomala okhulupirika a Mayi Wailesi panali mphunzitsi wa ku sekondale ina, mayi wamagalasi amene onse ankamutchula kuti Madamu. Ndipo ankaphunzitsa chiyani? Masamu! Madamu ankabwera mwezi uliwonse kudzalukitsa timalukidwe ting'onoting'ono tija totenga tsiku lathunthu, ndipo pa tsiku lotere Chisamba ankayenera kuima pambali, kumagawa meshi pang'onopang'ono n'kumapatsira mayi ake.

Ulendo woyamba chitulukire zotsatira, Madamu anangoyamba okha: "Lamulungu lililonse masana ndimakhala ndi ana obwereza pakhonde panga. Masamu safuna nzeru zapadera, amangofuna woti akuonetse pamene ukusocherera. Ngati mukudziwa mwana wina woti wagwa, mumuuze abwere."

Chisamba anayang'ana mayi ake, meshi ili m'manja. Mayi Wailesi anakoka tsitsi mwamphamvu mpaka Madamu anati "Mayo!"

"Pepani Madamu. Ee, zabwinotu zimenezo. Ife mwamwayi wathu anakhoza."

Mwezi wotsatira Madamu ananenanso. Mwezi winawo ananenanso, mpaka kutchula kuti benchi ya pakhondepo ili ndi malo. Nthawi zonse yankho linali lomwelo, ndipo bodza linkanenepa: kalata yachedwa, ku koleji akukonza zogona, mwina aitanidwa ndi gulu lachiwiri. Mtsikana uja ankaima pomwepo tsiku lonse, mutu wa Madamu wodzaza masamu uli pafupi moti akanatha kuukhudza, iye samu imene inamukanika dzulo lake ikumuzungulira m'mutu. Ku sukulu ya masana kuja ana anali odzaza mpaka pawindo, ukakweza mkono mphunzitsi sakuona n'komwe.

Mayi Wailesi ankadziwa kuti akulakwa, asakunamizeni. Madamu akangotuluka, mtima unkawawawa, ndipo ankakalipira aliyense: chipeso, mphaka wa aneba, ngakhale bambo ake a Chisamba chifukwa chokhala chete. Ankadziuza kuti mwezi wamawa anena. Mwezi wamawawo ukafika, pabenchi pamakhala pali mkazi wa wogulitsa nyama kapena wina wofanana naye, ndiye nkhaniyo ankaikankhiranso mwezi wina. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma apa amene ankafa sanali mwini manyaziwo.

Nyengo ya mayeso itayandikira, ku sukulu ya masana analembetsa mayeso oyeserera. Chisamba anabwera madzulo, n'kuika chikwama pansi, osachotsamo kanthu.

"Zayenda bwanji?" anafunsa mayi ake akusesa tsitsi.

"Ngati chaka chatha. Amayi, ine mayesowa sindilemba."

Tsache linagwa. "Ukuti chiyani? Ine ndathyoka msana, bambo ako mpira akuonera kwa eni, iwe n'kumati sulemba?"

"Ndikalembe chiyani? Ndikagwenso, kenako mudzawauze kuti chiyani? Kuti ndapita kunja?"

"Usandilankhule choncho, ndine mayi ako!"

"Ndikudziwa. Koma ine ndinalephera masamu basi, amayi. Sindinabe, sindinatenge mimba. Inu mukundibisa ngati ndapha munthu."

Mayi Wailesi anatola tsache lija n'kupitiriza kusesa. Masiku otsatira Chisamba sanapite kusukulu. Ankadzuka, kutenga tsache m'manja mwa mayi ake, kusesa, kuchapa matawulo, n'kukhala pabenchi kumagawa meshi. Tebulo la chitseko lija linayamba kutola fumbi. Bambo ake ankaliyang'ana, n'kuyang'ana mkazi wawo, kenako n'kunyamuka kupita kuntchito.

Ndiye linafika tsiku la Madamu. Linali Loweruka masana, saluni itadzaza. Mkazi wa wogulitsa nyama anali pansi pa dilaya, atsikana awiri akudikira pabenchi, telala wa pafupi ataima pakhomo kudzangocheza. Chisamba anakana kutuluka, anati mutu ukumupweteka, choncho mayi ake ankadzigawira okha meshi, ataikoleka paphewa. Analuka mbali imodzi yonse ali chete, mpaka telala anafunsa ngati magetsi a wailesi athima.

Kenako Mayi Wailesi anatsokomola. "Madamu, paja munkanena za ana a pakhonde panu aja."

"Ee."

"Pali mwana wa achemwali anga. Amakhala kutali. Mwana wanzeru ndithu, koma masamu anamuvuta pang'ono. Ndiye ndimati mwina mungondilembera tinjira take papepala, ine ndikamutumizire."

Abale inu! Madzi afika m'khosi, munthu n'kumapekabe achemwali oti kulibe.

Madamu anayankha modekha, mutu uli chiweramire. "Masamu sitituma, mayi. Mwanayo abwere yekha."

Apo nsalu yotchinga ija inasuntha. Chisamba analowa ndi chikwama cha ku msika chija, n'kuchikhuthula pansi pakati pa saluni. Mapaketi a meshi anayamba kugwa, kenako mabuku, khu! khu! pamwamba pa tsitsi losasesa.

"Mwana wa achemwali awoyo ndine, Madamu. Ndinagwa masamu. Ndakhala ndikubwereza."

Mayi Wailesi anadikira kuti amve kuseka, kapena "Aa!", kapena kuwomba m'manja kwa anthu odabwa. Sikunamveke kanthu. Atsikana a pabenchi anangoyang'ana zikhadabo zawo. Mkazi wa wogulitsa nyama anatulutsa mutu mu dilaya n'kunena mopanda ndi chidwi chomwe:

"Nanga si timadziwa tonse? Oda yake iti yopita tsiku ndi tsiku, nthawi imodzimodzi, chikwama chikupendeketsa mwana phewa? Meshi imalemera choncho?"

"Ine amadutsa kuseri kwa shopu yanga," anatero telala. "Ndinkangoti mwini wake adzanena."

Mayi Wailesi anazungulira mpando n'kukaima kutsogolo kwa Madamu, chinthu chimene woluka sachita ntchito ili pakati. "Nanunso, Madamu?"

Madamu anavala magalasi awo. "Mnzanga amaphunzitsa ku sukulu ya masana ija. Ndinamva mwezi woyamba womwe. Mumaganiza kuti za pakhonde panga ndinkauza ndani? Dilaya?"

"Ndiye bwanji osangonena poyera? Miyezi yonseyi!" Mawu anatuluka mokalipa, chifukwa mayiwa sankadziwa kuti akwiyire ndani.

"Ndikanayamba bwanji, mayi? Mwana ndi wanu, nyumba ndi yanu, mutu wanga uli m'manja mwanu, inu mukuti anakhoza. Ndikanati mukunama pamaso pa anthu? Ndinkati mwina mutsegula nokha."

Anthu amene ankawaopa aja ankangowamvera chisoni nthawi yonseyi, ndipo chisoni chimenecho chinawawa kuposa kusekedwa kumene ankathawa.

Madamu anatambasula dzanja. "Bwera nalo kuno buku lako. Khala apa."

Chisamba anakoka kampando ka ana n'kukhala pafupi ndi mawondo awo. Madamu anatsegula masamba, mutu mbali imodzi wolukidwa, mbali ina tsitsi lili nyankhalala. Anayang'ana nthawi yaitali, akudutsitsa chala pamizere. Anamufunsa funso, mwana anayankha. Anamufunsa lina, anakakamira. Anamuonetsa kamodzi kokha ndi pensulo, ndipo Chisamba anati, "Aa! Basi? N'zomwezi?" Koma mawu ake sanali achimwemwe.

"N'zomwezo," anatero Madamu. Kenako anayang'ana Mayi Wailesi m'maso. "Mwanayu si mbuli. Akanabwera pamene ndinayamba kunena paja, bwenzi pano ndikukuuzani kuti gonani tulo. Koma nthawi yatha, mayi, masabata atsala ochepa ndipo bukuli n'lalikulu. Tiyesa pamene tingafike. Sindikulonjezani kanthu."

Mayi Wailesi anafuna kunena kuti aziwaluka mwaulere mpaka kalekale, kuti mwana azibwera mamawa ndi madzulo omwe, kuti zonsezi ankachitira iye. Anafuna kugwira Chisamba paphewa. Anayandikira, n'kuwerama kuti aone nawo manambala amene sankawamva n'komwe, meshi ikali lende paphewa, chipeso chili m'manja.

Chisamba sanadzutse mutu. Pensulo inali ikuyenda kale.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "tasunthani pang'ono, mukutchinga kuwala."

Mayi Wailesi anasuntha.